Makobidi a Pamchombo

Ndili ndi digiri ya mbiri yakale, ndipo nkhani za mizimu sindinkazilabadira. Koma izi zinandichitikira ineyo, masana dzuwa lili pamutu, ndipo Asiatu, mkazi wa mchimwene wanga, analipo. Mukhoza kukamufunsa.

Ntchito itasowa, ndinkathandiza amalume, a Zubair, pa kashopu kawo ka ziboliboli pafupi ndi Makokola. Azungu amakonda makobidi akale, choncho ntchito yanga inali kuwazindikira ndi kuwatsuka. Osakwecha ndi mchenga, osathira mandimu, chifukwa zilembo zimafufutika. Madzi a mvula, kasopo pang'ono, kamtengo kotokosera m'mano, basi.

Tsiku lina kunabwera bambo wina wa ku Katuli, a Albino, ndi chitini cha makobidi. Anati anawapeza polima. Sindinawakhulupirire. Kobidi la m'munda limadyeka mbali zonse. Awa anali ma esikudo a ku Mozambiki, mbali imodzi yobiriwira, inayo yosalala ngati inkakhudzana ndi khungu. Lililonse linali ndi kansanza komatirira. Limodzi linali lalikulu kuposa onse.

"Munda wake uti?" ndinafunsa.

A Albino anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana kumsewu.

Ndinawaviika m'beseni kuseri kwa shopu. Madzi sanade. Anayera ngati mkaka. Kenako kunabwera fungo la mkaka wosasa, longa la paphewa pa mayi woyamwitsa.

Asiatu anafika ndi chakudya changa, khanda lake Sefu lili kumsana. Anasuzumira m'beseni, n'kubwerera m'mbuyo.

"Alamu, awatu ndi omanga pamchombo."

"Pamchombo pa ndani?"

"Pa makanda, mchombo ukatuluka." Anatsitsa mawu. "Mwana akamwalira, amamuika nalo."

Ndinakumbukira misasa ya othawa nkhondo ya ku Mozambiki cha kumalire ku Katuli kuja, ndi timanda take topanda mayina.

Kenako tinamva kuyamwa. Osati kulira ayi. Kaphokoso ka milomo, kochokera m'beseni. Sefu anali mtulo.

Tsiku lomwelo mkaka wa Asiatu unauma. Sefu anakana botolo. Anakana supuni. Analira mpaka mawu anatha, liwombo n'kulowa. Kuchipatala anamuika diripi, n'kutiuza kuti tizimukakamiza kumwa.

Patapita masiku, ndinatenga makobidi aja, n'kukwera njinga yamoto mpaka ku Katuli. A Albino sanakane kanthu. Ananditengera pansi pa mitengo ya mango pomwe dothi la timanda linali lofukulidwa, n'kukwirira makobidiwo okha. Atamaliza anayang'ana m'chitini.

"Nanga lalikulu lija?" anandifunsa.

Ndinaimbira foni amalume.

"Mzungu wina analikonda," anatero. "Ndege yake inanyamuka dzulo."

Pobwerera, bulauzi yanga inanyowa pachifuwa. Ine sindinaberekepo. Ngakhale pakati sindinakhalepo napo.

Asiatu anaiyang'ana bulauziyo nthawi yaitali. Anangondipatsa mwana.

Sefu anayamwa.

Lero ali moyo, ndi wonenepa, ndipo womuyamwitsa ndine. Adokotala akuti ndi mahomoni, zimachitika. Ine ndimagwedeza mutu. Asiatu sakhalanso m'chipinda ndikamayamwitsa, akuti phokoso limamveka pawiri.

Sefu amayamwa bere la kumanja lokha. Ndikamutembenuzira kumanzere amakankha, ngati pali kale mnzake. Ndipo iye akakhuta n'kugona, lakumanzerelo limapitiriza kukokedwa, pang'onopang'ono, mpaka litaphwa.