Kachubu Kobisidwa m'Sokosi

Panali mtsikana wina amene anthu ankamutcha Katsabola. Iye sankachedwa kupsa mtima.

Katsabola anali ndi ntchito imodzi yomwe ankaikonda. Amayi ake anali ndi ziphuphu kumaso. Madzulo aliwonse, Katsabola ankatsegula kachubu ka mafuta. Kenako ankawadontheza m'masaya. Kadontho apa, kadontho apo. Nthawi imeneyi inali ya awiri okha.

Tsiku lina kachubu kaja kanasowa. Katsabola anafunsa. Amayi anangoti ntchitoyo yatha.

Yatha bwanji? Katsabola anatupa masaya.

Azakhali ake, omwe anali namwino, anayamba kubwera pafupipafupi. Ankalowa kuchipinda ndi amayi. Ankatseka chitseko. Ankanong'onezana. Katsabola akatsegula, onse ankangoti zii.

Katsabola anatupa masaya kwambiri. Anakana kudya. Anakana kupesedwa tsitsi. Anakankha mpando mpaka unagwa.

Loweruka akusesa, anapeza kachubu kaja m'bini. Kanali kadakali kodzadza. Pambali pake panalembedwa kuti vitamini A. Komatu aphunzitsi anati vitamini A ndi wabwino. Ndiye vuto si mafuta ayi. Vuto ndi iye. Amayi sakumufunanso.

Katsabola anabisa kachubuko m'sokosi.

Masana amayi anagona pampando. Katsabola anayenda monyang'ama. Anatsegula kachubu. Anafinyira kadontho pachala. Chala chinayandikira tsaya.

Mwadzidzidzi, dzanja lina linamugwira pamkono. Anali azakhali.

"Siya, mwana iwe!"

Amayi anadzidzimuka. Katsabola analusa ngati moto.

"Mukundibisira zinthu. Simukundifunanso, Amayi. Nenani basi."

Amayi anayang'ana azakhali. Kenako anamukokera pafupi.

"M'mimba mwangamu muli mwana," anatero.

Azakhali anamupukuta chala. Anati mwanayo ndi wamng'ono ngati nyemba. Minofu yake ikungoyamba kumera. Mitsempha yake nayonso ikungoyamba kumera. Mitsempha imeneyi imanyamula mauthenga. Imauza minofu kuti, pinda mwendo, tambasula mkono.

Anatinso thupi limatenga vitamini A n'kupanga mankhwala ochepa kwambiri. Mankhwalawo amathandiza mitsempha kukula bwino. Koma akachuluka, amaisokoneza. M'mafuta aja munali mankhwala amtundu womwewo. N'chifukwa chake amayi anawasiya.

Katsabola anayang'ana chala chake.

"Ndamupweteka?"

"Ayi, sunawakhudze n'komwe," anatero azakhali. "Ukali wakowo ndiye ungamugonthetse makutu."

Katsabola sanaseke. Anali adakali wokwiya. Anafunsa chifukwa chake iye anali womaliza kudziwa. Amayi anapepesa. Anati ankadikira kuti mwana akuleko kaye.

Katsabola anakhala chete mpaka madzulo. Mawa lake anawayankhula pang'ono. Mkuja anaiwala kuti sakuwayankhula.

Panapita miyezi. Mimba ya amayi inakula. M'mawa wina amayi anamuitana msangamsanga. Anatenga dzanja lake n'kuliika pamimba.

Katsabola anadikira. Anadikirabe. Anatsala pang'ono kupsa mtima.

Kenako, du. Kaphazi kanamumenya pachikhatho.

"Uthenga wafika kumwendo," anatero Katsabola. "Koma wandimenya, Amayi."

"Watengera mkulu wake," anatero amayi.

Katsabola anafuna kutupa masaya. Masayawo anakana. Anaseka mpaka kaphazi kanamumenyanso.