Njinga Yachinayi

Tsiku loyamba mnyamatayo anafika pagalaja akukankha njinga yamoto yofiira, tcheni chili m'manja, chigongono chikuchucha magazi.

"Makanika alipo?"

Mtsikana amene anagona pansi pa galimoto anasuzumira. Pagalaja ya bambo akeyo aliyense ankamutcha Dokotala, chifukwa injini ankayamba waimvetsera asanaigwire.

"Ndine. Mwagundana ndi chiyani?"

"Ndi nthaka, achemwali. Ndimadumpha magalimoto atatu pachionetsero, koma yachitatuyo inakana kundipatsa njira."

Dokotala anaseka mpaka kugwetsa sipanala. Akanadziwa, bwenzi atabwerera pansi pa galimoto paja!

Mnyamatayo dzina lake lodziwika linali Wouluka. Ntchito yake inali yodumphitsa njinga yamoto pamwamba pa magalimoto ondandalikidwa m'bwalo lamasewera, anthu n'kumakuwa. Pakamwa pake panali potsekemera koopsa. Sabata isanathe, foni ya Dokotala inali italira kale: "Njinga wandichiritsira, nanga mtima wangawu ndiupititse kugalaja iti?"

Mwana wamkazi anagwa m'chikondi, osadzigwira n'komwe.

Yofiira ija sinathe chaka. Inathyoka pakati, n'kupita ndi mano awiri a mwiniwake. Kenako kunabwera yobiriwira, yodumpha magalimoto asanu, ndipo imeneyo inamuthyola phewa lakumanzere. Mkonowo sunawongokenso bwinobwino. Anali Dokotala yemweyo amene anapinda chiwongolero mbali yakumanzere, kuchibweretsa pafupi ndi chifuwa, kuti dzanja la wokondedwa wake lizifika.

Yachitatu inali yakuda. Inamugoneka m'chipatala miyezi iwiri, ndipo achipatala sanabise mawu: msana umenewo ukadzagundanso kamodzi, munthuyu sadzayendanso.

"Ndatopa n'kulira, Wouluka," anatero Dokotala pambali pa bedi. "Sankha. Ine kapena njinga."

"Duwa langa, funso limenelo n'lofunsa? Yakudayi inali yomaliza. Ndikadzakweranso, udzandilavulire kumaso."

Atatuluka anapeza ntchito m'sitolo ya matayala. Anamuveka Dokotala mphete, tsiku laukwati n'kulikonza. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi, mtsikanayo ankamva foni ikulira mtima osadumpha.

Lachinayi lina m'mawa, lole inatsitsa njinga yoyera, yatsopano, pakhomo pa galaja. Anaibweretsa ndi mwini chionetsero, bambo wamimba yake, wa magalasi akuda.

"Makanika wathu yamukanika," anatero. "Ikatera ikumagwedezeka kutsogoloku. Loweruka ikudumpha magalimoto khumi ndi awiri."

"Wokwera ndani?"

"Mnyamata wina wachilendo. Simungamudziwe."

Dokotala anakhala pachishalo monga ankachitira ndi njinga iliyonse, n'kutambasula manja. Lamanja linafika bwino. Lamanzere linagunda chiwongolero msanga, mkono usanawongoke. Anayang'anitsitsa. Wina anachipinda ndi nyundo, mwachisawawa, koma muyeso wake unali womwe uja.

Padziko lonse lino, ndani wina angafune chiwongolero chotere?

Anatenga foni n'kulembera Wouluka: "Uli kuti?"

Yankho silinachedwe. "Kuntchito, switi wanga. Ndikusanja matayala, maganizo ali pa iwe."

"Bwera kugalaja. Njinga yako yoyera yafika."

Anabwera patapita ola, thukuta lili kamukamu, maso ali pansi.

"Wayamba liti?" anafunsa Dokotala.

"Miyezi itatu yapitayo."

"Masabata onse aja unkati ukukaona amayi ako odwala?"

Wouluka anagwedeza mutu kuvomera.

"Unandinamiza ndi dzina la amayi ako! Ine n'kumawagulira zipatso, iwe n'kumanyamula!"

"Tamvera, wapamtima. M'sitolo muja ndikufa pang'onopang'ono. Palibe amene anadumphapo khumi ndi awiri. Kamodzi kokha, ndikulonjeza. Iyi ndi yomal—"

"Usamalize mawu amenewo!"

Ndiye Dokotala, mtsikana amene sanagwadirepo mwamuna, anagwada pasimenti yamafuta n'kumugwira miyendo.

"Chonde. Ndakupempha. Ndikufuna mwamuna woyenda ndi miyendo yakeyi. Ukufuna kuwomberedwa m'manja? Ndizikuwombera ine tsiku lililonse ukamabwera kuntchito. Osapita, chonde!"

Wouluka analira naye. Anamusisita tsitsi, anamutchula mayina onse okoma amene ankadziwa. Koma mawu oti "sindipita" sanatuluke.

Atachoka, bambo ake a Dokotala anayandikira akupukuta m'manja.

"Ibweze njingayo, mwana wanga. Usaikhudze."

"Ababa, mwaona pakhosi pakepa?" Anawalozera kamng'alu kopyapyala ngati tsitsi, pamene chiwongolero chimalumikizana ndi thupi la njinga. "Ndikaibweza, wa nyundo uja sakaona. Ikatera, ikathyoka pomwepa. Ndipo iye akwerabe, ndikumudziwa."

Bambowo anapuma mozama, n'kumupatsira sipanala.

Masiku awiri Dokotala sanakhudze ntchito ina. Anaphwasula kutsogolo konse, anawotcherera, anasintha masipuling'i, chiwongolero n'kuchipinda bwinobwino pa muyeso wa mkono uja. Bawuti iliyonse anaimanga kawiri, misozi ikudonthera pa thanki. Kodi pali ntchito yowawa kuposa kukonzera munthu chinthu chimene akukusiyira?

Loweruka m'mawa Wouluka anabwera ndi lole ija. Analiza injini, anagwira chiwongolero, nkhope yake n'kuwala ngati ya mwana.

"Ndinadziwa! Ndinadziwa kuti sungandisiye, mngelo wanga. Tiye, ndakusungira mpando wakutsogolo. Ndikangotera, ndikuthamangira kwa iwe."

Dokotala anavula mphete. Inavuta kutuluka chifukwa chala chinali chitatupa ndi ntchito. Anaiika m'thumba la jekete la Wouluka, n'kutseka zipi.

"Njingayi ili bwino. Sinakonzedwepo ina ngati imeneyi, ndipo ikakuteretsa wamoyo. Izi ndalonjeza ine, ndipo ine sindinama."

"Dokotala, usatero..."

"Pita ukadumphe. Koma ukatera, usadzabwere kuno. Yachisanu akakukonzere wina."