Bambo Amene Amayi Anatsika Naye Paphiri

Lachisanu madzulo ndinapeza amayi ali pakhonde, akupukuta nsapato zawo zoyendera.

"Mawa tikuzungulira phiri," anatero. Sikunali kufunsa.

Amayi anga anagwira ntchito ya uzamba zaka makumi atatu. Atangopuma, sitiroko inawagwetsa m'bafa, mwendo wakumanzere n'kufooka. Adokotala anati asamapite patali. Koma amayi anayamba ndi kuyenda mpaka pageti la pakhomo, kenako kumsika. Chaka chisanathe, maso anali paphiri.

Njira ya paphiripo ndi yozungulira. Umalowera pageti la mlonda, kudutsa malo atatu oonerapo kutali, n'kudzatulukira pageti lomwelo. Anthu amphamvu amatha maola anayi. Ife dzuwa linapendeka tisanafike ndi pakati pomwe.

Pamalo oyamba pali benchi ndi mpanda wachitsulo m'mphepete mwa phompho. Amayi anagwira mpandawo, wefuwefu, nkhope ili ngwee.

"Taona magalimoto pansipo," anaseka. "Ngati nsabwe m'msoko."

Pomwepo panatulukira bambo wina kuchokera kutsogolo, kumene tinkapita. Wamtali, jekete yozilala, chipewa m'manja.

"Pepani, simunakumane ndi mayi wovala juzi yofiira? Ndi akazi anga. Ndi oyembekezera."

Tinati ayi. Anathokoza, n'kutsikira kumene ife tinachokera.

Patatha ola limodzi tinafika pamalo achiwiri. Nkhungu inali itayamba kukwawa m'mitengo. Ndikutsegula botolo la madzi, ndinamva mapazi kutsogolo. Jekete yomwe ija. Chipewa m'manja.

"Pepani, simunakumane ndi mayi wovala juzi yofiira?"

Kuti munthu amene anatidutsa akhalenso kutsogolo kwathu, anayenera kutsika mpaka pageti n'kukwerera mbali inayo. Pa ola limodzi? Njira yachidule kulibe. Uku phompho, uku thanthwe. Ndipo iye analibe ndi dontho la thukuta lomwe.

Atadutsa ndinagwira amayi mkono. "Amayi, tibwerere."

"Tibwerere kumene walowera iye?" Anandiyang'ana. "Ine sindinakwere kuno kuti ndikatulukire kumene ndinalowera. Tiye."

Pamalo achitatu tinafika kutada. Pansi magetsi a m'tauni anali waliwali. Mbalame zinali zii. Ndinayatsa tochi ya pafoni. Kuwalako kunagwera pa nsapato ziwiri zouma, pamene zathu zinali zitanyowa powoloka kamtsinje kena.

"Pepani, simunakumane ndi—"

"Mimbayo ndi ya miyezi ingati?" amayi anamudula.

Bamboyo anati, "Isanu ndi itatu."

"Ndiye tamverani, bambo. Mayi wa miyezi isanu ndi itatu sakhala paphiri mpaka mdima. Akazi sitipusa choncho. Anatsika kalekale. Inu mukuzunguliranji?"

Mawu amenewo ndinkawadziwa. Ndi amene ankakhazika pansi azibambo osokonezeka pakhonde la chipatala.

"Geti sindikulipeza," bamboyo anayankha motsitsa. "Ndikamati ndafika, ndimapezeka ndikukweranso."

"Ine ndilipeza, ndi mwendo umodzi ndi theka womwewu. Tembenukani. Muzibwera pambuyo pathu."

Amayi anandikankhira kutsogolo. "Iwe unika njira. Za kumbuyo ndi zanga."

Tinayamba kutsika. Ndinkamva ndodo ya amayi, go. Mwendo wofooka uja, khwee. Kenako mapazi ena, olemera, osapupuluma. Kupuma kwa amayi ndinkakumva. Kwa munthu wachitatu ayi. M'khosi mwanga munkazizira ngati wina watsegula firiji kumbuyo kwanga.

Njira yonse amayi sanasiye kulankhula.

"Pang'onopang'ono. Apa pali muzu. Eya, mwachita bwino. Tatsala pang'ono."

Pamalo ena mapazi aja anaima. Amayi nawo anaima.

"Ayi, bambo. Kumtunda kulibe wanu. Tiyeni."

Panapita nthawi. Kenako mapaziwo anayambanso.

Tinapeza mlonda ali pageti, foni kukhutu, akuitana anthu oti akatifunefune. Atationa anathamanga n'kutsegula kageti kakang'ono.

"Tsegulani lonse," amayi anatero. "Tilipo atatu."

Mlondayo anaunika kumbuyo kwathu. Tochi inamupulumuka, n'kugubuduka pansi. Koma geti analitsegula, mbali zonse ziwiri. Amayi anapatuka. Tonse tinamva timiyala tikulira, khwatya, khwatya, kudutsa pakati pathu, kuloza kumsewu, mpaka zii.

Apo m'pamene amayi anakhala pampando wa mlonda, n'kuvula nsapato. Chala chachikulu chinali magazi okhaokha. Sanadandaule.

Nkhani tinaimva patapita masiku, kwa mayi wogulitsa madzi pamalo oimika magalimoto, amene anaifotokoza monong'ona. Akuti zaka zoposa makumi awiri zapitazo, banja lina linasiyana paphiripo kukugwa nkhungu. Mkazi anatsika yekha bwinobwino. Mwamuna anabwerera kukamufuna, osaonekanso. Ambiri akhala akukumana naye, akuti, ndipo onse amathawa.

Akutinso usiku umene ife tinatsika, panyumba ina ya kumunsi kwa phiri panamveka kugogoda. M'nyumbamo mumakhala mayi wa imvi ndi mwana wake wamwamuna, wamtali. Ena akuti anatsegula. Ena akuti anazimitsa nyali n'kukhala chete mpaka mbandakucha.

Nditawauza amayi, anali akusoka batani pa malaya. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Ine ndinamufikitsa pageti," anatero, akudula ulusi ndi mano. "Za pakhomo pawo ndi zawo."