Galu Wosauwa

"Musamumasule chingwe kuphiriko," anatero Amayi. "Mwamva? Musamumasule."

Nessa anamva. Koma Amalume Fintan, a m'tauni aja, anangoseka.

"Mantha bwanji, mlongo wanga! Ndi galu uyu, si dzira."

Galuyo anali Mossy, galu wa Nessa. Miyendo yake inali yaifupi, yopindika. Ubweya wake unali wokhakhala, wofiirira ngati tirigu. Agalu otere anatsala ochepa. M'chigwa chonse cha Imaal, Nessa ankadziwa atatu okha.

Nessa ndi Amalume anakwera phiri ndi Mossy kukaona nkhosa. Kunkazizira. Amalume anamasula chingwe.

Mossy ananunkhiza apa. Ananunkhiza apo. Anapeza una wa chiuli. Analowa.

"Mossy!" anaitana Nessa. Kuli zii.

"Mossy!" Kuli zii.

Unawo unali wautali, wanjira zambiri.

"Tidikire," anatero Amalume. "Akauwa, tidziwa pokumba."

Anadikira. Anadikirabe. Dzuwa linapendeka.

Nessa anayamba kulira.

"Amalume, sauwatu ameneyu. Agalu akuno akalowa pansi, sauwa. Ngakhale alumidwe, sauwa."

Amalume anasiya kuseka. Anathamangira kunyumba kukatenga fosholo.

Nessa anagona chafufumimba. Anaika khutu padothi. Sanamve kanthu. Anakwawa pang'ono. Anaikanso khutu. Sanamve kanthu. Anakwawanso.

Kwe, kwe, kwe. Zikhadabo!

Amalume anafika ndi Amayi.

"Pano! Kumbani pano!" anakuwa Nessa.

Amalume anakumba. Amayi anafukula ndi manja. Kenako anaona mchira. Amayi anaugwira, n'kukoka pang'onopang'ono.

Mossy anatuluka. Pakhosi pake panali magazi, pomwe chiuli chinamuluma. Sanalire. Sanathe kuimirira.

Kunyumba, Amayi anatsuka bala ndi madzi ofunda amchere. Nessa anavula juzi yake. Anamufunditsa Mossy pafupi ndi moto.

"Imwa madzi, Mossy," anatero Nessa. "Imwa pang'ono."

Mossy sanamwe.

"Amayi, afa?"

"Balali ndi lakuya, mwanangu. Lifunika dokotala wa ziweto, alisoke."

Dokotalayo anali kutali, kuseri kwa mapiri. Kunja kunkayamba kuda, ndipo msewu wakumapiriko ndi woterera.

"Tipite mawa masana," anatero Amalume.

Amayi anayang'ana pazenera. Mitambo inali yakuda bii.

"Masana? Waiona mitamboyo, Fintan? Chipale chofewa chikubwera. Chikatseka msewu, tikhala muno sabata yathunthu. Tinyamuka kusanache."

Amalume anayang'ana manja awo amatope.

"Galimoto ndiyendetsa ndine," anatero motsitsa mawu.

"Inenso ndipita," anatero Nessa.

"Upita," anayankha Amayi. "Adzamunyamula pamiyendo ndani?"

Nessa anaika nsapato zake pakhomo. Anaika za Amayi. Anaikanso za Amalume.

Kenako anaviika chala m'madzi. Anachiika pakamwa pa Mossy.

Mossy ananyambita. Ananyambitanso.