Bokosi Lofiira la Luisa

Luisa ankafuna bokosi la makalata. Ankafuna lofiira. Ankafuna lokhala ndi kukamwa.

Analiona ku boma ku Mangochi. Linali panja pa positi ofesi. Anthu ankaponyamo makalata. Bokosilo linkangomeza. Luisa analikonda kwambiri.

Luisa ankakhala ku Chowe ndi bambo ake. Anali awiri okha. Kwawo kunali ku Mozambique. Anathawako nkhondo. Nyumba yawo inali yatsopano. Pakhonde panalibe chokongoletsa.

Bambo ake ankakhoma zidebe ndi mbaula. Sankalankhula zambiri. Luisa anawauza za bokosi lija. Iwo anangoloza chitini pakona. Chinali chitini cha mafuta ophikira. Anthu othawa nkhondo ankalandira mafuta m'zitini zotere. Mafuta anali atatha.

Luisa anatsuka chitini ndi phulusa. Anatsukanso ndi mchenga. Anachiyanika padzuwa.

Anajambula kukamwa ndi khala. Bambo anadula ndi sizasi ya malata. Luisa anapinda m'mphepete ndi kanyundo. Sankafuna kuti bokosi lizicheka zala. Kho, kho, kho.

Kumbuyo anadula kachitseko. Anakamanga ndi waya. Pamwamba anavundikirapo mbale yakale yobooka. Tsopano bokosi linali ndi chipewa.

Koma silinali lofiira.

Luisa anapaka dothi la katondo. Litauma, linayoyoka. Anapakanso. Linayoyokanso.

Anapita kwa Che Swadick, okonza njinga. Iwo anali ndi penti wofiira wotsala pansi pa kachitini. Anamufunsa ngati akufuna kupenta mbuzi. Luisa anati ayi, akufuna kupenta positi. Che Swadick anaseka. Anamupatsa kachitiniko.

Burashi panalibe. Luisa anatafuna kamtengo. Anatafuna mpaka kanakhala ngati mswachi. Anapaka penti pang'onopang'ono. Anapaka kutsogolo. Anapaka kumbuyo. Anapaka ndi chipewa chomwe.

Penti atauma, analemba ndi laimu: POSITI.

Bambo anazika mtengo pakhonde. Anakhomerapo bokosi. Linali lofiira. Linali lowala. Aliyense wodutsa ankaima n'kuyang'ana.

Tsiku lina Luisa anatsegula kachitseko. Ankafuna kupukuta fumbi. M'katimo munali kalata.

Inali kalata yeniyeni. Inali mu emvulopu. Inalibe sitampa. Pamwamba panalembedwa mawu ochepa: "Kwa Omari, kunyanja."

Luisa anamudziwa mwini kalatayo. Anali a Abiba. Ankakhala nyumba yachitatu kuchokera kwawo. Nawonso anathawa nkhondo. Kwawo kunali ku Mandimba. Pothawa anatayana ndi mwana wawo Omari. Panali patapita zaka zitatu. Munthu wina anawauza kuti anamuona kunyanja.

A Abiba sankadziwa kulemba. Mwalimu wa ku mzikiti anawalembera. Ataona bokosi lofiira, anayesa kuti positi yafika ku Chowe.

M'mawa a Abiba anabwera. Anakhala pansi pafupi ndi bokosi. Anati akudikira yankho. Mawa lake anabweranso. Mkuja wake anabweranso.

Luisa anabisa kalata m'buku lake. Sankafunanso kuyang'ana bokosi lake.

Anawaonetsa bambo ake kalatayo. Anawapempha kuti akaiponye ku boma. Bambo anapukusa mutu. Anati ku positi amafuna sitampa. Amafunanso nambala ya bokosi. Nyanja ilibe nambala.

"Ukawauze zoona," anatero bambo.

Luisa anapita pakhonde. Anagwada pafupi ndi a Abiba. Anawauza kuti bokosilo n'lokongoletsera chabe. Analipanga yekha ndi chitini cha mafuta.

A Abiba anayang'ana bokosi nthawi yaitali.

"Ndiye kalata yanga sinapite?" anafunsa.

"Sinapite, amayi," anatero Luisa. "Koma ipita. Ndipita nayo ine."

Loweruka lililonse bambo ankatsikira kunyanja. Ankakagulitsa mbaula kwa asodzi. Luisa anapempha kupita nawo. Bambo anati n'kutali. Luisa anati akudziwa. Bambo anati nyanja ndi yaikulu. Luisa anati akudziwa.

Loweruka linafika. Luisa anazula bokosi pamtengo. Anaikamo kalata. Anakhala pakaliyala, bokosi lili pamiyendo. Mbaula zinali lende m'mbali mwa njinga. Anatsika phiri la Chowe. Anafika kunyanja dzuwa litakwera.

Anafika padooko loyamba. Apa ndi pamene asodzi amakocheza mabwato awo. Panali anthu ambiri. Luisa anasenza bokosi pamutu. Anthu anamuzungulira. Sanaonepo positi yoyenda ndi miyendo.

Luisa anafunsa ngati pali Omari.

Panabwera Omari. Anali ndi ndevu zoyera. Anali wamkulu kuposa a Abiba. Anati mayi ake anamwalira kalekale. Sanali iyeyo.

Panabweranso Omari wina. Anali wonenepa. Anatambasula dzanja kuti alandire kalata. Mayi wina anakuwa kuchokera pathandala la usipa. Anati, "Iwe, mayi ako ndine. Ndakulembera liti kalata?" Anthu onse anaseka. Sanali iyeyo.

Anapita padooko lachiwiri. Luisa anafunsanso ngati pali Omari. Mayi wina anatembenuka. Anamuonetsa mwana kumbuyo. Anati uyu ndi Omari. Omariyo analibe ndi mano omwe. Sanali iyeyo.

Dzuwa linatentha. Mchenga unkawotcha mapazi. Mbaula zonse zinali zitagulidwa. Bambo anati tizipita.

"Limodzi lokha, bambo," anatero Luisa.

Bambo anamuyang'ana. Anatembenuza njinga.

Anafika padooko lachitatu. Linali lalikulu kuposa ena aja. Luisa anafunsa mayi wina, a Zena, woyanika usipa. A Zena anati pano a Omari alipo asanu ndi mmodzi. Anati anyamata ena salankhula za kwawo. Amaopa kuti awabweza kunkhondo. Mlendo akawaitana, sayankha.

Luisa anakhala pansi. Anaganiza. Anaganizanso. A Omari ndi ambiri. Koma mayi wa munthu ndi mmodzi.

Anaimirira. Anakwera pamwamba pa bwato. Anakweza bokosi lofiira m'mwamba. Sanaitane Omari.

"Kalata yochokera kwa a Abiba!" anafuula. "A Abiba a ku Mandimba!"

Anthu anatembenuka. Palibe anabwera.

Luisa anafuulanso. Mawu ake anasasa. Anafuula kachitatu.

Pansi pa mtengo panali mnyamata wamtali. Ankasoka ukonde. Manja ake anaima. Ukonde unagwa pamchenga. Anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono. Kenako anathamanga.

"Wati ndani?" anafunsa.

"A Abiba a ku Mandimba," anatero Luisa.

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu."

Luisa anatsegula kachitseko. Anatulutsa kalata. Anaipereka ndi manja awiri. Omari anaitsegula. Anati sanapiteko kusukulu. Anapempha Luisa kuti amuwerengere.

Luisa anawerenga mokweza. "Mwana wanga, ndili moyo. Ndili ku Chowe. Bwera."

Kalata yonse inali imeneyo.

Omari anapukuta maso ndi malaya. A Zena anaimba nthungululu. Amayi ena anatsatira. Mwini ukonde anati pita, ukonde sudzathawa. Anamumangira usipa m'pepala kuti akapatse mayi ake.

Njinga inali imodzi. Anthu anali atatu. Omari anati apalasa ndiye. Bambo anakhala pakaliyala. Luisa anakhala pachitsulo chakutsogolo. Bokosi linali pamiyendo pake. Paphiri anatsika onse n'kumakankha. Omari ankakankha mwamphamvu kuposa onse.

A Abiba anali pakhonde. Anali pafupi ndi mtengo wopanda bokosi. Anakhala pamenepo tsiku lonse.

Anaona chinthu chofiira patali. Anaona Luisa. Anaona bambo a Luisa. Anaona munthu wachitatu.

Anaimirira. Mpango wawo unagwa. Sanautole.

Omari anagwada pamaso pawo. A Abiba anamugwira mutu. Anamugwira makutu. Anamugwira mapewa. Anati watalika. Anati wawonda. Anati akasambe, akununkha usipa. Ankaseka, misozi ikutsika.

Anthu a m'mudzi anasonkhana. Che Swadick anabweranso. Anauza aliyense kuti penti ujatu anali wawo.

A Abiba anaitana Luisa. Anamukhazika pamiyendo pawo ngati kamwana.

"Unati n'lokongoletsera chabe," anatero. "Unandinamiza, mwanawe."

Luisa anaseka. Bambo anakhomeranso bokosi pamtengo.

M'mawa Luisa anatsegula kachitseko. Munali makalata. Anawawerenga. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi, zisanu. Onse analibe sitampa.

Anapita nawo kwa bambo ake. Bambo anayang'ana makalata. Anayang'ana Luisa. Anatenga pampu. Anayamba kupopa njinga.