Botolo la Nambala Seveni

Shamim ananyamuka m'mudzimo dzuwa litalowa kale, koma cholakwa sichinali chake. Kenneth, mnzake wa ku labotale ku Balaka, ndiye anasankha tsiku osayang'ana mwezi. Unali mwezi wa Ramazani.

Ntchito yawo ndi iyi. Munthu akakalamba nkhama zimafota, mizu ya mano n'kukhala poyera. Pamenepo pamamata litsiro lonanda lodzaza tizilombo, ndipo ndilo limaoletsa muzu. Iwo amapala litsirolo ndi kathonje, kuliponya m'kabotolo, n'kukalimeretsa m'timbale kuti aone mankhwala amene angaligonjetse. Basi.

Nanga nkhalamba yomwe ili pa swaumu, yosala kudya ndi kumwa, ingalole kathonje m'kamwa masana? Onse khumi ndi awiri anakana mwaulemu. Shamim, Msilamu mnzawo, sanalimbane nawo. Anadikira azana, kuitanira pemphero la madzulo lomasulira kusala, ndipo agogowo asanamwe ngakhale madzi anawapala mmodzimmodzi mwachangu. A Lukiya, a nambala seveni, ndiwo anamuchedwetsa. Anafotokoza kuti kale amuna awo ankawasemera mswachi m'mawa uliwonse, lero palibe wosema, ndiye mano akuolera kutsinde, chinangwa chokazinga sachiyesanso.

Wakabaza anali atatopa kudikira n'kupita. Shamim anatsegula bokosi: ayezi wa m'mawa uja wasanduka phala. Mabotolo akafunda, zonse zatayika, mudziwo auchotsa pa kafukufuku, ndipo agogo aja mankhwala oyesawo sawaona. Kumsewu wa tala kunali ulendo wa maola awiri. Anasenza bokosi, nayamba.

Poyamba ulendo unali wokoma. Chimanga chinali chitakhwima mbali zonse, achule akulira, m'mimba muli futali wa a Lukiya. Koma kunali chifundizi, ndipo madzi a m'bokosi ankamveka khuvukhuvu pamutu.

Njira inatsetsereka kulowera kumtsinje wa Rivirivi. Kumanzere, mitengo ya kumanda. Achule anangoti zii.

Pamlatho panali munthu.

Shamim anaima. Munthuyo anavala mkanjo woyera, kamtengo kali kukamwa. Sanasunthe. Tochi ya foni inamuwalira... mano okhaokha! Oyera, athunthu, pankhope ya nkhalamba.

"Asalamu aleikumu, mama. Mwachedwa nawo."

Shamim anayankha moni. Mkuluyo anati iye ndi Che Abdulrahim wa m'mudzi womwewo, natambasula manja. Mwana wolera bwino sakaniza wamkulu, komanso sasenzetsa wamkulu katundu. Ali mkati moganiza, bokosi linali litachoka kale pamutu. Chala cha mkuluyo chinamukhudza padzanja. Kuzizira kwake! Mpaka m'chigongono.

Anayenda. Iye kumbuyo, mkulu patsogolo. Mapazi omveka anali awiri okha... a Shamim.

Shamim anayamba kuwerenga dua, pemphero, chamumtima. Kenaka anaona kuti mkuluyo wafungatira bokosi pachifuwa ngati khanda, akulambalala miyala mosamala. Mantha anayamba kuphwa. Munthu woipa sanyamula katundu choncho. Kuti pasakhale chete, anamufotokozera za timbale ndi tizilombo, kuti mwina chaka chamawa adzabwera ndi mankhwala opaka kumizu. Mkulu ankangogwedeza mutu, akutafuna mswachi wake.

Magetsi a galimoto ataonekera pamsewu, anatula bokosi pansi.

"Ine ndithera pano. La nambala seveni ndi la mayi akunyumba. Usiku sagona nalo dzinolo, ndimawamva."

Shamim anawerama kuti asenze. Podzuka kuti athokoze, panalibe munthu. Chimanga chokha.

Minibasi inamutula ku Balaka. Kenneth anali akudikira pakhomo la labotale, akupepesa mosalekeza, atatsimikiza kale kuti ntchito yaonongeka. Shamim anamuuza kuti asiye zolankhulalankhula, atsegule furiji. Kenneth anavundukula bokosi. Ayezi anali gwa, ngati wangotuluka kumene. Anachita kugogoda ndi supuni kuti mabotolo amasuke. Pambali pa la nambala seveni panali mswachi watsopano, wosemedwa bwino, wosatafunidwa.

Shamim anatulutsa mafomu. Anali atalemba yekha madzulo omwewo, mothamanga, osaganizira. Nambala seveni: Lukiya, zaka 74, wamasiye. Mwamuna, Abdulrahim, anamwalira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo.

Kenneth anafuna kukuwa. Shamim anamupatsa magolovesi, nati tizilombo sitidikira munthu wamantha. Anathira timbale tonse khumi ndi tiwiri, ndipo patatha masiku atatu tonse tinamera bwino. Mudzi unakhalabe pa kafukufuku.

Loweruka Shamim anabwerera, masana ndithu, mswachi atakulunga m'kansalu. A Lukiya anautembenuza, nayang'ana kasemedwe kake, osadabwa n'komwe.

"Amasema chopendeka chonchi," anatero. "Mpaka lero sanaphunzire."

Anausunga m'chitenje kudikira azana.