Chipsepse cha pa Injini ya Alamu

Mvula itagwa masiku asanu ndi anayi osalekeza, milatho yonse iwiri inakokoloka, ndipo mudzi wa kutsidya kwa dambo unasanduka chilumba. Kumudziko kunali mkazi wa Kaputeni, woyembekezera, yemwe anapita kukaona amayi ake madzi asanakwere. Lachiwiri m'mawa amayiwo anaimba foni. Anangonena kuti matenda anayamba dzulo koma mwana sakutsika, kenako foni inathima.

Motero anthu atatu anakumana padoko. Panali Kaputeni, mwini boti. Panali mlamu wake, mlongo wa mayi wodwalayo, makanika wosalankhulalankhula yemwe anthu ankangomutcha Sipanala. Wachitatu anali Namwino wa kuchipatala, atakulunga chikwama chake m'pulasitiki.

Vuto linali petulo. Galimoto zobweretsa mafuta sizinkadutsa, ndipo atazungulira tauni yonse anapeza zigubu ziwiri zokha. Kaputeni ankaudziwa ulendowo. Kupita ndi kubwera, boti lake linkamwa zigubu ziwiri ndi theka.

Atawerama kuti alumikize paipi ya mafuta, anaima kaye. Kumunsi kwa injini, pamwamba pang'ono pa pulopela, panali chitsulo chophwatalala cha aluminiyamu, chotambasukira uku ndi uku.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Chipsepse," anatero Sipanala, maso ali pansi. "Ndinachiika dzulo, mutandisiyira injini kuti ndisinthe mapulagi."

"Mapulagi amakhala kumchira masiku ano? Mwaboola injini yanga! Mabowo anayi!"

"Boti lanu limakoka matako m'madzi ngati bakha wokhuta. Ichi chimanyamula kumbuyoko, mutu n'kutsika, boti n'kumatsetsereka pamwamba. Likatero silimwa mafuta ambiri."

"Munachiona kuti?"

"Pachithunzi. Chitsulocho ndadula pa thanki yakale ya lole."

"Pachithunzi!"

"Abambo inu," anatero Namwino akukwera, "mukakanganire kutsidya. Mwana sadikira mabawuti."

Ananyamuka. Masiku onse boti limeneli likamanyamuka linkadzutsa mutu m'mwamba n'kuyenda choncho kanthawi, injini ikubuula. Tsikuli mutu unakwera pang'ono, n'kugwa, madzi n'kuyamba kulira fwaa pansi pake. Sipanala anaona dzanja la mlamu wake likubweza moto pang'ono, boti osatsika liwiro. Anaonanso kuti mlamuyo akuyang'ana kumbali dala. Iye anangokhala pafupi ndi thanki, atagwira kamtengo kake koyezera mafuta, kamene anakatema mizere ndi mpeni.

Patatha ola limodzi analowa m'namasupuni. Zomerazo zinali zitadzaza madzi mpaka pamene maso amalekezera, ndipo chipsepse chinayamba kuzikokolola ngati khasu. Injini inatsamwa. Anaipendeketsa, Sipanala n'kuzula mizu yakuda ija ndi manja. Anayenda pang'ono, inatsamwanso. Kachitatu, ali chiweramire, Namwino anamukoka malaya.

"Bwezani mkono. Chipika icho chaphethira."

Ng'ona inamira mwakachetechete, namasupuni n'kutseka pamene inali.

"Kale pano ndinkadutsa osaima," anatero Kaputeni. Zinali zoona.

Kutsogolo njira inapanikizika pakati pa bango. Pokhota pachiwiri madzi anatupa, ndipo mvuu inatulutsa mutu, kamwana kake kali pambali. Kubwerera kunali kosatheka. Kaputeni anapotokola moto wonse n'kulambalala chakumanzere, bango likukwapula nkhope zawo. Boti linathamanga, koma silinafike pa liwiro lija ankalidziwa. Mvuu inawalondola, kukamwa kuli yasa, n'kuluma thovu la kumbuyo kwenikweni kwa injini. Funde linagwera m'boti. Namwino anakumbatira chikwama chake, akupemphera mokweza.

Atafika pamudzi, Kaputeni anatembenukira kwa mlamu wake.

"Chotsani chinthu chanucho. Chikanatiphetsa."

Sipanala anaviika kamtengo m'thanki n'kumuonetsa. Chigubu choyamba chinali chisanathe. Munatsala mafuta okwana zala ziwiri.

"Madzi amatikankha kumbuyo," anatero Kaputeni osayang'anitsitsa. "Pobwerera ndinyamula mkazi wanga. Mvuu ija ikadali pomwepo. Chotsani, alamu."

Sipanala analowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuyamba kumasula. Kuchokera m'nyumba ankamva mlongo wake akubuula, ndipo anayamba kupupuluma. Manati awiri anaterereka n'kugwera m'matope. Anafufuza ndi phazi, osawapeza. Anaponya chipsepse pansi pa mpando, osauza munthu.

Namwino anatuluka nkhope itasintha. "Mwana wagona chopingasa. Pano sindingachite kanthu. Akufunika opaleshoni, ndipo tisapitirire maola atatu."

Anagoneka mayiyo pamatiresi chakumbuyo, kumene boti silidumpha kwambiri, Namwino atagwada pambali pake. Amayi a wodwalayo anakwera ndi mtolo wa nsalu ndi ndowa. Kaputeni anawonjezera moto. Mutu wa boti unakwera m'mwamba, ndipo sunatsike. Anasunthira amayiwo kutsogolo pamodzi ndi mtolo wawo, Sipanala naye n'kukakhala kunsonga, koma sizinathandize. Boti linkalima madzi ngati pulawo, injini ikukuwa, Kaputeni ataimirira kuti aone njira.

Patapita theka la ola Sipanala anakwawira kuthanki. Mizere iwiri inali itapita, ndipo mtengo wouma umene anaudutsa pobwera atatsala pang'ono kufika unali ukadali kutsogolo. Anawerengera mumtima kawiri. Mafuta akanathera m'namasupuni, pakati pa ng'ona. Anangokweza kamtengoko m'mwamba, mbali yonyowa ikuloza kwa mlamu wake.

Kaputeni anakaona. Nsagwada zake zinalimba, koma dzanja silinasunthe.

Amene analankhula anali wodwalayo, maso ali chitsinzinire. "Abambo ake, mabowo anaboola kale. Ndiye mukuteteza chiyani?"

Pafupi panali chulu chotulukira pamwamba pa madzi. Kaputeni anakhotera pomwepo n'kuzimitsa injini. Bata lake linali loopsa.

"Alamu, bwezeranipo."

"Manati awiri anagwera m'matope kumudzi kuja."

Kenako amayi aja, amene anali asanalankhule chikwerereni, anakhuthula ndowa yawo, n'kukoka waya wogwirira mpaka unatuluka m'makutu a ndowayo. "Uli mwana unkamanga magalimoto ndi zoterezi," anatero. "Manga."

Sipanala anatsikira m'madzi. Asanapemphe, anamva wina akutsika pambali pake. Anali Kaputeni, nkhafi ili m'manja, atafulatira injini, maso ali pamadzi.

"Gwirani ntchito, alamu. Chobwera chiyambira ine."

Mabawuti awiri anawamanga mopingasa, limodzi kutsogolo kumanja, lina kumbuyo kumanzere. M'mabowo otsalawo anapisamo waya, n'kuupota ndi pulayala mpaka chikhatho chinachucha magazi. Anagwedeza chipsepse. Chinasuntha pang'ono, koma chinagwira.

Injini italira, onse anayang'ana mutu wa boti. Unakwera. Unakhala m'mwamba nthawi yokwana kupuma katatu. Kenako kumbuyo kunanyamuka ngati munthu wakankha ndi phewa, mutu n'kugwa, phokoso lija la fwaa n'kubwerera. Kaputeni anabweza moto mpaka theka, ndipo boti linapitirira kutsetsereka.

"Eya!" anafuula Namwino. "Musaligwirenso pamenepo!"

Atayandikira bango la mvuu, Kaputeni anayang'ana kumanja, kumene minda inamira. Ngayaye za chimanga zinkaonekera pamwamba pa madzi.

"Alamu, likamayenda chonchi limalowa pansi bwanji?"

"Pang'ono. Koma mukangoima, tatitimira m'mizere."

"Ndiye sitiima."

Anadutsa pamwamba pa minda ya anthu, mapesi akukanda pansi pa boti, mbalame zikuuluka patsogolo pawo. Njira imeneyo inawalambalalitsa mvuu ndi theka la namasupuni. M'theka lotsalalo anaima kawiri, ndipo kawiri konse Kaputeni ndiye anazula mizu, osadandaula.

Kenako kunabwera chimvula cha mphepo. Amayi anafunditsa mwana wawo pulasitiki ya Namwino n'kumakapa madzi ndi ndowa yopanda chogwirira ija. Waya umodzi unaduka, chipsepse n'kuyamba kunjenjemera. Sipanala anagona chafufumimba kumbuyo, mvula ikumumenya pamsana, akuyang'anitsitsa waya wotsalawo ngati kuti maso angaugwire. Ankamva mlongo wake akuwerenga mpweya pamodzi ndi Namwino, ndipo anapezeka kuti nayenso akuwerenga.

Mvula itakata, denga loyera la chipatala linaonekera paphiri. Injini inatsokomola. Sipanala anapendeketsa thanki kuti madontho otsiriza afike papaipi, ndipo inawakankhabe pang'ono. Inazima doko lili patali ngati kutalika kwa bwalo la mpira. Alamu awiriwo anatenga nkhafi, wina uku wina uku, n'kupalasa osayang'anana mpaka boti linagunda mchenga. Anthu apadoko anathamangira m'madzi ndi machira.

Mwana anabadwa masana omwewo, wamkazi, wolira mokweza. Mayi ake anachira.

Patatha masiku atatu Kaputeni anafika kugalaja ya Sipanala. Kumeneko anapeza eni maboti ena anayi atazungulira injini ija, akugogoda chipsepse ndi zala.

"Kaputeni, tiuzeni zoona," anatero mmodzi. "Chimathandiza?"

Kaputeni anakanda chibwano. "Pothawa mvuu, ayi. M'namasupuni chimatopetsa. Ngati boti lako n'lopepuka ndipo umayenda wekha, usaboole injini yako." Anaima kaye. "Koma langa ndi bakha wokhuta, ndipo linanyamula anthu asanu ndi mmodzi pa chigubu chimodzi."

"Asanu," anakonza Sipanala chapansipansi.

"Asanu ndi mmodzi, alamu. Winayo anakwera mobisala."

Anthu anaseka. Kaputeni anapisa m'thumba n'kuika manati awiri atsopano patebulo, pafupi ndi dzanja la Sipanala lomangidwa bandeji.

"Chotsani waya wa apongozi, akufuna ndowa yawo. Mukamaliza musambe, mwana akufuna kuona amalume ake." Atafika pakhomo anacheuka. "Koma choboolera chanucho muchisiye konkuno."